Kalipentala wa pa Bangula ndi chitseko cha nyumba yakale ya pa Nsanje

Amene ali ndi nyumba yakale kuno kuchigwa cha Shire, chitseko chake chakunja chikatha asathamangire kwa owotcherera zitsulo asanalankhule ndi mmisiri wa matabwa wodziwa mamangidwe a makedzana. Banja lathu linalemba ntchito kalipentala wina wa pa Bangula kuti asinthe chitseko cha kukhonde cha nyumba ya njerwa zowotcha imene ili pafupi ndi siteshoni ya sitima pa boma la Nsanje, ndipo ntchito yake ndi yoti ena aidziwe, ngakhale ili ndi pofooka pake.

Nyumbayi inamangidwa m'nthawi ya atsamunda, tauniyi ikutchedwa Port Herald, njanji yochokera kuno itafika kale ku Blantyre mu 1908. Zitseko za nthawi imeneyo zinali zazitali ndi zazikulu kuposa zogulitsidwa m'masitolo lero, ndipo chathuchi chinali ndi magalasi awiri kumtunda. Chiswe chinali chitadya kumunsi kwake, kenako madzi a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anamalizitsa zotsalazo, moti munthu ankatha kupisa chala m'thabwa lapansi osamva kulimba kulikonse.

Amisiri ena amene tinawafunsa anati tigule chitseko chachitsulo, iwo agumule m'mbali mwa khomo ndi kumata simenti kuti chikwane. Bambo a pa Bangulawa anakana, ndipo chifukwa chimene anapereka ndicho chinatikopa. Njerwa za nyumbayi zinamangidwa ndi laimu, amene ndi wofewa ndipo amalola chinyezi kutuluka m'khoma, pamene simenti amatsekera chinyezicho mkati mpaka njerwa zoyandikana naye zimayamba kufumbutuka. Anatifunsanso ngati nyumbayi ili pa mndandanda wa zikumbutso za dziko, popeza lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kusintha nyumba yotetezedwa popanda chilolezo cha boma. Yathuyi siili pa mndandandawo, koma iwo anaigwira ngati kuti ilipo.

Anayeza chitseko chakalecho mbali ndi mbali, nachipanganso ndi mlombwa, mtengo umene sufufuma kwambiri m'dzinja ndiponso chiswe sichiulowa msanga. Matabwa ake sanawakhome ndi misomali ayi, koma anaboola lina ndi kusema nsonga ya linzake kuti ilowemo mothina, kenako n'kukhomera zikhomo zamtengo, monga momwe chakalecho chinapangidwira. Mahinjesi akale amkuwa anawaviika m'palafini, kuwapukuta ndi kuwabwezera pamalo pake, magalasi awiri aja nawonso anabwerera osasweka. Kumunsi anaikako kathabwa kopendekera kunja kuti madzi a mvula azigwera pakhonde m'malo molowa pansi pa chitseko, chinthu chimene ambiri ochita zitseko masiku ano sachiganizira n'komwe. Munthu woima pamsewu sangadziwe kuti chitsekocho ndi chatsopano, kupatula pa mtundu wake.

Pa mtundu wakewo ndi pamene ndili ndi dandaulo. Chitseko chakale chinali chopakidwa penti yamafuta yobiriwira, yofanana ndi ya mafelemu a mawindo, koma mmisiriyu anapaka vanishi, akuti mlombwa ndi wokongola moti n'kulakwa kuubisa. Kukongolako n'koona, koma khomo lathu layang'ana kumadzulo, ndipo dzuwa la mu Okutobala kuno, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, linang'amba vanishiyo nyengo imodzi isanathe. Tinachita kupala ndi sandipepa n'kupaka penti tokha. Nthawi nayonso anaisunga movutikira: tsiku lolonjezedwa linadutsa, foni yawo inkangoitana osayankhidwa, ndipo atabwera anati amadikira kuti matabwa aume bwino. Chifukwacho n'chomveka, chikhala kuti anatiuza pa chiyambi.

Mtengo wa ntchito yonse unaposa wa zitseko ziwiri zachitsulo, ndipo mbali yaikulu ya ndalamazo inapita ku matabwa, popeza mlombwa ndi mtengo wotetezedwa umene umafunika chikalata cha a zankhalango. Amene akufuna kuwalemba ntchito bambowa apemphe kuona chikalatacho asanapereke ndalama yoyamba, ndipo nkhani ya penti ndi tsiku lomalizira azilembe papepala onse awiri n'kusainira.