Anesi amene anandikaniza dripi ku Area 25

Lachiwiri lapitali mwana wanga wa zaka ziwiri anadzuka akutsegula m'mimba, thupi litatentha. Ndinam'bereka n'kuthamangira ku kiliniki ina yolipira kuno ku Area 25. Mumtima ndinali nditagamula kale: amuike dripi, am'baye jakisoni, tizibwerera. Kwina komwe tinkapita kale, ukangolowa ndi mwana wofooka botolo la madzi limapachikidwa usanakhale n'komwe pansi, bilu nayo n'kumakwera.

Anesi amene tinawapeza sanapupulume. Anam'baya kachala kuti ayeze malungo, anatsina khungu la pamimba n'kuona kuti labwerera msanga, anamuyang'ana m'maso. Anandifunsa ngati chimbudzi chake chili ndi magazi komanso ngati akusanza chilichonse chomwe wamwa. Ndinati ayi. Zotsatira zitatuluka, malungo panalibe, choncho LA sanatipatse. Anasungunula paketi ya Thanzi m'madzi okwana lita imodzi n'kundipatsa kakapu ndi supuni.

"Mayi, muzim'mwetsa pang'onopang'ono, ine ndikuona."

Kunena zoona ndinanyansidwa. Ndalama ndalipira, kuti ndidzamwetse ndekha madzi amchere? "Anesi, nanga dripi?"

Anaseka pang'ono. "Dripi ndi ya mwana amene akukanika kumwa kapena madzi am'thera kwambiri m'thupi. Uyu akumwa. Tikam'boola mtsempha pachabe tingomupweteka, ndipo pabala pomwepo pamatha kulowa matenda ena." Nditatchula Bactrim, anati kutsegula kopanda magazi nthawi zambiri sikufuna mankhwala otero, ndipo kumwa mwachisawawa n'komwe kumachititsa kuti tizilombo tisiye kuwamva. Anatipatsa zinki wa masiku 10 ndi Panado, n'kulemba m'kabuku ka mwana zizindikiro zoti ndikaziona ndibwerere ngakhale usiku: maso kulowa m'kati, kukana kumwa, kulefuka, magazi.

Zosakoma ziliponso. Tinadikira kupitirira ola pabenchi, mtsikana wolembetsa odwala ali kalikiliki pa WhatsApp. Kuchimbudzi kunalibe sopo, pamalo polandira ana otsegula m'mimba, muno mu Lilongwe momwe kolera wa 2022 ndi 2023 anatiliza. Zimenezo akonze.

Koma ndidzapitanso, ndipo ndidzafunsa ngati anesi omwe aja alipo. Pofika Lachisanu mwana anali akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Apongozi anga okha ndiwo sanakhutire, mpaka lero akuti chipatala chanji chobweza mwana osam'baya jakisoni.