Miyezi 14 ndi Lincoln Continental ya 1963: bwana wake ndi denga

Mu Epulo chaka chatha, itangotsika pa thiraki yomwe inaibweretsa, ndinkauza aliyense kuti Lincoln Continental yanga ya 1963 ilibe chilema. Penti yakuda yonyezimira, mipando yachikopa chofiira yosokedwa kumene, injini yoyera moti ungadyerepo nsima. Amene anandigulitsa anati anaikonza yonse kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ine n'kuvomera ndi mutu ngati buluzi. Tsopano padutsa miyezi 14, ndayenda nayo makilomita pafupifupi 3,000, ndipo ena mwa mawu aja ndikuwabweza. Chikomekome cha mkuyu ndachiona ndi maso angawa.

Ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo ndimayendetsa mathiraki akuluakulu, choncho galimoto zazitali sizindiopsa. Iyi ndi yotalika mamita 5.4, imalemera kupitirira matani awiri, ndipo injini yake ndi V8 ya malita 7, imene eni ake amangoitchula kuti 430. Ili ndi zitseko zinayi koma denga lake ndi lansalu, lotsika. Zitseko zakumbuyo zimatseguka mosemphana ndi zakutsogolo, moti ukatsegula zonse mbali imodzi zimakhala ngati munthu watambasula manja kukulandira. Maonekedwe amenewa anawajambula Elwood Engel, galimotozo ankazipangira ku Wixom ku Michigan, ndipo zotsika denga anazipanga kuyambira 1961 mpaka 1967 basi. Za 1963 zinangotuluka 3,138.

Nkhani yonse ya galimoto imeneyi ili padenga. Poigula ndinkaganiza kuti vuto lidzachokera ku injini, poti ndi ya zaka zoposa 60. Ayi ndithu, injiniyo ndi nkhalamba yofatsa, imalira tsiku lililonse. Denga ndilo lili ndi mtima wakewake.

Ukakhudza swichi, sikuti nsalu imangogwera kumbuyo. Choyamba chivundikiro cha buti chimamasuka n'kutseguka chagada, kuyang'ana kumbuyo kwa galimoto. Kenako kachitsulo kotalika kamene kamabisala pansi pa chivundikirocho kamatambasuka. Ndiye denga limapindika n'kulowa lonse m'buti, chivundikiro n'kubwerera, n'kudzikhoma chokha. Pamwamba sipatsala kanthu, pamangoti see. Nzeru imeneyi a Ford, eni ake a Lincoln, anaitenga ku galimoto yawo ya Skyliner ya 1957 mpaka 1959, ija inkameza denga lachitsulo. Palibe kompyuta m'menemo. Muli mamota, pampu yamafuta, ma relay ambirimbiri (maswichi otsegulidwa ndi magetsi), ndi timaswichi timene timauzana kuti "ine ndamaliza, yamba iwe". Kamodzi kakangogona, onse otsatira amaima n'kumadikira uthenga umene subwera.

Zinandichitikira mu Julayi, pa ukwati wa mwana wa mnzanga wa kumudzi. Anandipempha kuti ndinyamule akwati kuchokera kutchalitchi. Tili panja, anthu azungulira ndi mafoni, ine n'kuti ndiwaonetse zodabwitsa. Chivundikiro chinatseguka bwinobwino, denga linanyamuka, litafika pakati linangoti zii. Silikupita kutsogolo, silikubwerera. Buti ili yasaa, nsalu ili m'mwamba, kumadzulo kukuda mitambo. Mayi a kunyumba anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Abambo, galimoto yanu yatambasula mapiko. Kodi iuluka, kapena tiwapezere akwati ina?" Akwatiwo anakwera Toyota ya mlamu wanga.

Amene anandipulumutsa ndi mkulu wina wachizungu, makaniko wopuma ntchito, amene anagwirapo galimoto zimenezi ali mnyamata. Anabwera Lolemba ndi kababu koyesera magetsi ndi buku lakale lothimbirira mafuta. Sanafulumire. Ankatsatira waya umodziumodzi, akung'ung'udza, mpaka anapeza kaswichi kosaposa bokosi la machesi kali kobiriwira m'kati ndi dzimbiri. Anakapala ndi sandipepala, kukabwezera, denga n'kutsika ngati silinalakwepo. Kenako anandionetsa chimene chinandipweteka mtima: ma relay onse ndi mapaipi a pampu anali omwewo akalekale. Wokonza uja anathera ndalama pa zimene maso amaona. Zimene zili kuseri kwa kapeti sanazikhudze n'komwe.

Mkuluyo anandiuzanso kuti ndizikweza ndi kutsitsa dengalo sabata iliyonse, ngakhale ndisakupita kulikonse. Ndinaona ngati nthabwala za akuluakulu. Nyengo yozizira ndi imene inandiphunzitsa kuti ankanena zoona.

Kuno misewu amaithira mchere chipale chikagwa, ndipo Lincoln imeneyi ilibe tchesi yapayokha, thupi lake lomwelo ndiye mafupa ake. Dzimbiri likadya pansi, galimoto yopanda denga lolimba imayamba kupindika pakati, zitseko n'kusiya kukumana. Ndiye kuyambira Novembala mpaka Epulo inali m'galaja, nditaifunditsa nsalu ngati wodwala. Tsiku loitulutsa ndinapeza batire yafa, buleki ya tayala lakumbuyo yadontha mafuta pansi, ndipo kabuleta yamatirira. Petulo wamba wa kuno amamusakaniza ndi ethanol, magawo 10 pa 100 alionse, ndipo akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi n'kuwononga timalabala takale. Mbewa nazo zinamanga banja pansi pa mpando wakumbuyo. Zonse zimene zandidyera ndalama chaka chino zabwera galimoto itaima. Poyenda sinandisiyepo panjira ngakhale kamodzi.

Ndipo ikamayenda, abale, mumaiwala zonsezi. Pa liwiro la makilomita 100 injini simuimva. Mabampu imangowameza. Chiwongolero n'chopepuka moti chala chimodzi chikwanira, ngakhale kuti sichikuuzani chilichonse cha zimene matayala akuchita. Pakona imapendekeka ngati bwato, ndiye munthu umaphunzira kudekha. Mabuleki ndi a dramu matayala onse anayi, chifukwa a disiki anayamba mu 1965, ndipo onse amadalira silinda imodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika mwatsala ndi pemphero. Apa ndinasiya zonena kuti chilichonse chikhale monga chinatulukira ku fakitale. Ndinaikitsa silinda ya mbali ziwiri, yakaleyo ndinaisunga m'katoni kuti wodzagula m'tsogolo adzaone yekha chochita.

Mafuta imamwa ngati ili pa chinkhoswe. Ndawerengera kangapo, lita imodzi imandifikitsa makilomita anayi, panjira yaitali mwina asanu.

Pali tizinthu tina timene mpaka lero timandiseketsa. Mawaipa sayendera magetsi koma mafuta ochokera ku pampu ya chiwongolero, ndipo pampuyo ili kumphuno kwenikweni kwa injini, yopanda lamba. Ukagwira chotsegulira chitseko chakumbuyo, galasi limatsika lokha pang'ono kuti lisakole denga, ukatseka n'kukweranso. La kumanzere limachita zimenezi likafuna. Ndipo denga likakhala m'buti, malo a katundu palibe. Galimoto yonseyi, chikwama cha mayi chimakhala pamiyendo. Tayala lapadera nalo lili momwemo, ndiye likaphulika tayala muyambe mwakweza denga, ndipo mupemphere kuti tsiku limenelo lili ndi mtima wabwino.

Paliponse pamene ndaima, pafilingi kapena pasitolo, funso ndi limodzi: kodi si ya Kennedy imeneyi? Ndimayankha kuti ndi mbale wake. Imene pulezidenti wa America John F. Kennedy anakwera ku Dallas pa 22 Novembala 1963, tsiku limene anawomberedwa n'kufa, inali ya 1961, ndipo kampani ya Hess & Eisenhardt inaidula pakati n'kuitalikitsa. Mu Ogasiti ndinapita kukaiona ku Henry Ford Museum ku Dearborn. Ambiri sadziwa kuti sanaitaye pambuyo pa tsokalo. Anaimanganso, kuiika denga losachoka ndi zitsulo zoteteza ku zipolopolo, kuipaka penti yakuda, ndipo inagwirabe ntchito mpaka 1977. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Pobwerera ndinayendetsa mwakachetechete, wailesi osayatsa.

Anzanga amandifunsa ngati ndi njira yabwino yosungira ndalama. Ine ndimati amene akufuna phindu akagule malo ku Lilongwe. Ndikaphatikiza inshulansi, galaja, zipangizo ndi malipiro a mkulu uja, chaka chimodzi chandidyera ndalama yokwanira matikiti awiri opita kumudzi ndi kubwerera, ndipo mayi a kunyumba amandikumbutsa zimenezi mosatopa. Zipangizo za injini zimapezeka mosavuta. Za denga ndi magalasi amagulitsa anthu ochepa, ndipo amadziwa kuti ndi ochepa.

Sindikuigulitsa. Koma ndikanati ndibwerere ku Epulo uja, penti sindikanaiyang'ana n'komwe. Ndikanamuuza wogulitsayo kuti atsitse ndi kukweza denga katatu motsatizana ine ndikuona, kenako ndikanagona pansi ndi tochi n'kugogoda zitsulo za m'munsi mwa zitseko, n'kufunsa malisiti a mawaya osati a chikopa. Ndikanafunsanso kuti chaka chathachi anayenda nayo makilomita angati. Wanga uja ankanyadira kuti sinatuluke m'galaja zaka zitatu, ine n'kuwonjezera ndalama chifukwa cha mawu amenewo.

Ma relay atsopano afika Lachinayi. Mkulu uja wati abwera Loweruka m'mawa, ndipo wandiuza kuti ndikonzeretu khofi ndi kuchotsa mpando wakumbuyo asanafike.