Ndemanga ya nyali ziwiri za LED zojambulira mabuku: kuwala n'kwabwino, koma malangizo ake musawatsatire onse

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito nyalizi kwa miyezi ingapo pojambula ndi foni masamba a mabuku akale a pabanja pathu komanso makaundula a kumpingo amene ayamba kuthetheka. Zimabwera ziwiri m'bokosi limodzi, zonse zafulati, ndipo iliyonse ili ndi kamkono kopindika, chopanira m'mphepete mwa tebulo ndi chingwe cha USB. M'bokosimo mulinso timapepala tiwiri ta pulasitiki totchedwa polarizer, tochepetsa kunyezimira, tophimbira nyalizo, pamodzi ndi kagalasi kozungulira ka mtundu womwewo kamene amakoleka pakamera ya foni. Ndazipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ntchito imene ndinazigulira zikuigwira, koma munthu amene angaziike monga mmene chithunzi cha pakapepala ka malangizo chikusonyezera adzapeza kuti kunyezimira kumene ankakuthawa kudakalipo patsamba.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Kuwala kukagunda pepala losalala kumanjanja ngati mpira woponyedwa pasimenti, ndipo kumachoka mopendekeka mofanana ndi mmene kunafikira, kulowera mbali inayo. Kamera ikakhala panjira imene kuwalako kukudutsa pochoka, imaona chigamba choyera m'malo mwa zilembo. N'chifukwa chake babu la kudenga kapena fulashi ya foni zimawononga chithunzi, pakuti kuwala kwake kumatsika molunjika n'kubwerera molunjika m'diso la kamera. Malangizo akuti muike nyali imodzi kumanzere ina kumanja, iliyonse itapendekeka madigiri 45, ndi olondola ndithu ngati mukujambula kalata kapena satifiketi yomwe yagona fulati patebulo.

Buku lotsegula siligona fulati. Masamba ake amatukuka pafupi ndi msana n'kutsikira m'mphepete, ndipo popeza kupindikako kumachokera kumanzere kupita kumanja, nthawi zonse pamapezeka kachigawo ka tsamba kamene kayang'anizana ndi nyali m'njira yoti kakankhire kuwala m'kamera. Pa buku lina lochindikala la masamba osalala ndinkaona mzere woyera wotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, pafupi ndi msana, umene unkameza zilembo zoyambirira za mzere uliwonse patsamba la kumanja. Zilembo zikamezedwa chotero, palibe pulogalamu ya pakompyuta imene ingazibwezeretse, ndipo pulogalamu ya OCR yowerenga malemba imangolemba mawu oduka mitu. Nditachotsa nyalizo m'mbali n'kuika imodzi kumutu kwa buku, ina kumapazi kwake, kuti kuwala kuziyenda motsatira msana, mzere woyera uja unatha. Mthunzi umene unkakhala m'khwawa la pakati pa masamba awiri unathanso, chifukwa tsopano kuwala kunkalowa m'khwawamo m'litali mwake, osati kutchingidwa ndi tsamba lotukuka. Kapepala ka malangizo sikatchula zimenezi n'komwe, ngakhale kuti pabokosi pajambulidwa buku lotsegula.

Chimene chandichititsa kuchotsa nyenyezi imodzi ndi timikono. N'tatifupi kwambiri, moti mukapanira nyali patebulo lomwe pali bukulo, imakhala pafupi zedi ndi pepala, ndipo mbali yoyandikana nayo imawala mopitirira pamene pakati pamachita mdima. Mphamvu ya kuwala imatsika mofulumira mukamatalikira: mukawirikiza mtunda kawiri, kuwala kofika papepala kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho nyali yapafupi imasiyanitsa kwambiri m'mphepete ndi pakati, pamene yakutali imawalitsa tsamba lonse pafupifupi mofanana. Ine ndimazipanira kumsana kwa mipando iwiri imene ndimaikoka kutali ndi tebulo pafupifupi mita imodzi, ndipo zikatero pepala limatuluka la mtundu umodzi kuyambira pakona mpaka pakona. Polumikizira timikonoto pamakhwefuka msanga, nyali n'kumawerama pang'onopang'ono osadziwika, kotero m'pofunika kumanga kaye musanayambe buku latsopano.

Kuwala kwenikweniko ndilibe nako dandaulo. Nyalizi zimasintha mtundu kuchokera pa 3200K, kumene kuli kofiirira ngati kwa mababu akale, kufika pa 5600K, kumene kuli koyera ngati masana. Ndimaziika cha ku 5600K, zonse ziwiri mofanana, kenako ndimazimitsa babu la m'chipinda ndi kutseka makatani, chifukwa kuwala kwa mitundu iwiri kukasakanikirana, theka la tsamba limaoneka lachikasu pamene theka linalo likuoneka lobiriwira, ndipo kukonza zimenezo pambuyo pake n'kotopetsa. Chosowetsa mtendere pang'ono n'chakuti nyali zikazimitsidwa zimaiwala pamene munaziika, ndipo zilibe poonetsa manambala, moti munthu amachita kuwerenga kuti wadina kangati. Sizitentha, zomwe n'zofunika pa mapepala akale ouma amene mababu otentha angathe kuwapinda.

Kuyendera USB kuli ndi ubwino uwiri. Woyamba ndi wodziwikiratu: magetsi akazima ndimazilumikiza ku power bank n'kupitiriza ntchito, ndipo kunena zoona usiku wopanda magetsi ndi nthawi yabwino kwambiri yojambulira, popeza sipakhala kuwala kwina kosokoneza. Wachiwiri ndi wa kuphethira. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a 50 Hz, ndipo mababu ambiri otsika mtengo amaphethira maulendo 100 pasekondi, zomwe diso siliona koma kamera ya foni imazijambula ngati mizere yakuda yopingasa. Nyalizi zikayaka mokwanira mizereyo siioneka. Koma ndinaona kuti ndikazichepetsa mphamvu mpaka pansi, timizere tosaoneka bwino timabwera pachithunzi, choncho ngati kuwala kwachuluka ndi bwino kukankhira mpando kutali kusiyana ndi kuzichepetsa pabatani.

Timapepala ta polarizer ndi timene tinandidabwitsa kwambiri. Mumaphimba nyali zonse ziwiri, n'kukoleka kagalasi kaja pakamera, kenako mumazunguliza mkombero wake pang'onopang'ono uku mukuyang'ana pasikirini. Pamafika poti chigamba chonyezimira chimayamba kufota, n'kuzimiririka, ndipo pansi pake pamatulukira nkhope za anthu za pachithunzi cha m'magazini akale a sukulu zimene poyamba zinali mbuu. Zimatheka chifukwa kuwala kumene kwangonjanja pamwamba pa pepala kumasunga mayendedwe amene pulasitiki ya panyali inakupatsa, ndiye kagalasi kakatembenuzidwa madigiri 90 kamakutsekereza, pamene kuwala kumene kwalowa m'pepala n'kutulukamo kumakhala kutasokonekera ndipo gawo lake limadutsa. Ngakhale zolemba za pensulo m'makaundula, zimene zimathwanima ngati nyali yaziwomba, zimaoneka zakuda bwino ndi njira imeneyi.

Pali zoyenera kuzidziwa musanayembekezere zodabwitsa. Timapepala tiwirito tiyenera kuyang'ana mbali imodzi, apo ayi mukazimitsa kunyezimira kwa nyali imodzi kwa inayo kumatsala, koma opanga sanaikepo chizindikiro chilichonse chosonyeza kumtunda. Njira yake ndi kuyatsa nyali imodzi, kuzunguliza kagalasi mpaka kunyezimira kutatha, kenako kuyatsa yachiwiri n'kutembenuza kapepala kake kokha mpaka nayonso itagwirizana, n'kulemba kadontho pakona kuti mawa musavutikenso. Chachiwiri, zosefera zimenezi zimadya kuwala kochuluka, ndipo foni imatenga nthawi yotalikirapo pojambula, kotero yogwira pamanja imatulutsa zilembo zachimbuuzi. Imafunika choikapo chokhazikika, ndiponso kujambula ndi taimala kapena batani la pamahedifoni kuti musaigwedeze. Pa mabuku wamba a pepala losanyezimira sindizigwiritsa ntchito n'komwe, chifukwa kaikidwe kabwino ka nyali kamakwanira. Chokolekera kagalasiko chimatereraterera, ndipo pafoni ya makamera angapo muyenera kuonetsetsa kuti chili pakamera imene ikujambuladi, pakuti mafoni ena amasintha okha kamera mukayandikira chinthu.

Amene amapsinja masamba ndi galasi kuti agone fulati adziwe kuti nyalizi pazokha sizithetsa vuto lina limene galasilo limabweretsa, loti foni, manja anu ndi malata a kudenga zimaonekeramo. Ndinadula kabowo pakati pa katoni imene ndinaipaka utoto wakuda n'kulowetsapo diso la kamera, ndipo zithunzithunzi zonsezo zinatha. Pa mapepala opyapyala ngati a mabuku a nyimbo, kuwala kwamphamvu kumaonetsa zilembo za kuseri kwa tsamba, koma mukalowetsa pepala lakuda kumbuyo kwa tsamba limene mukujambula zilembo zakuserizo zimabisika. Kumbukiraninso kuti kamera ikaona tsamba loyera imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kulidetsa, choncho muyenera kukweza kuwala pang'ono pasikirini n'kukhoma pamenepo kuti masamba onse a buku limodzi afanane. Tsamba la A4 lojambulidwa pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) limafuna mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndiye foni ya kamera ya 12 MP (mapikiselo 12 miliyoni) imakwanitsa bwino tsamba limodzi, koma mukajambula awiri nthawi imodzi zilembo zing'onozing'ono za m'munsi zimayamba kuvuta kuwerenga.

Poyerekeza ndi mtengo wa sikana yeniyeni ya mabuku, nyalizi n'zotsika mtengo kwambiri, ndipo kwa mphunzitsi, wophunzira kapena mlembi wa mpingo amene ali kale ndi foni ya kamera yabwino n'zokwanira. Wofuna kujambula mabuku mazanamazana adzatopa ndi kukokakoka mipando komanso kumanga timikono. Musanaitanitse, yezani kuchindikala kwa thabwa la tebulo lanu n'kufunsa wogulitsa kuti chopaniracho chimayasamula kufika pati, chifukwa pa tebulo langa, lopangidwa ndi kalipentala wa kwathu kuno ndi matabwa a mlombwa, chinakana kulowa.