Commodore 64 yakufa: kukonza bodi yakale, SixtyClone, Reloaded MK2 kapena Ultimate 64?

Anzanga okonda zakalezi, ndili ndi ma Commodore 64 (C64) awiri, makompyuta akale aja, patebulo pano, onse ndinawatola pa car boot kuno ku UK, kaunjika uja amagulitsira kumbuyo kwa galimoto Lamlungu m'mawa, ndipo onse ndinawagula ali akufa. Yoyamba kesi yake ndi yabwinobwino koma ukayatsa sikirini imangoti bii, yachiwiri zikuoneka kuti inakhalitsa mu garaja yodontha, bodi yonse dzimbiri lokhalokha koma matchipi ake osakhudzidwa. Ndiye yachiwiriyo ndinaisandutsa yamasipeya, ngati mmene amachitira amakanika ndi galimoto yogubuduka. Nkhani inali yoti matchipiwo ndiwaike pati, ndipo njira ndinaziona zinayi.

Zimenezi nzofunika kuganiza kaye chifukwa makinawa anatuluka 1982, kampani ya Commodore inagwa 1994, matchipi a MOS aja sakupangidwanso. CPU ya 6510, VIC-II ya zithunzi, SID ya mawu, ma CIA 6526 awiri oyang'anira kiyibodi ndi madoko, chilichonse ukapsereza ndiye kuti padziko pano chachepa chimodzi. Ine ndiye muyezo wanga ndi umenewo, njira iti imene tchipi chikumane ndi moto kamodzi kokha basi.

Koma musanasankhe chilichonse, chiadaputala chakale cholemera ngati njerwa chija musachilumikize olo kungoyesa. Chimatulutsa 5V DC ndi 9V AC, mkati anathiramo epoxy moti simungachitsegule kuti mukonze, ndipo chikakalamba mbali ya 5V ija imatha kukwera mwakachetechete mpaka kupha RAM yonse inu mukungodabwa. Gulani chatsopano, kapena pang'ono pokha yezani ndi mita.

Njira yoyamba ndi kukonza bodi yakale yomweyo pochotsa tchipi chakufa nkuikapo cha pa masipeya. Iyi ndiye yotchipa, komanso makina amakhala enieni aja, fungo ndi lomwe. Vuto lake ndi kupeza chimene chafa. Sikirini yakuda pa bodi zazitali ngati ya nambala 250407 nthawi zambiri imakhala PLA, tchipi cholondolera CPU ku matchipi ena, ya nambala 906114-01 ija imatentha ngati mbaula, apo ayi ndi RAM, matchipi a 4164 alipo 8, makamaka olembedwa MT amene aliyense amawadandaula. Katiriji ya Dead Test imathandiza heve apa, RAM ikakhala yofa sikirini imaphethira ndipo mukawerenga kuphethirako mumadziwa tchipi choyambira kuchikayikira. Chimene sindinauzidwe ndi choti bodi ya zaka zoposa 40 sipirira moto, tinjira ta kopa tija timakanganuka msanga. Ineyo ndinachita phuma pa RAM yoyamba, ndinakoka ndi sikuludiraiva mwendo umodzi usanasungunuke bwino, ndinangoona kakopa katsatira tchipi ngati khungu la chilonda, madzulo onse anathera kulumikiza kawaya pansi pa bodi uku ndikudzitukwana. Kuyambira pamenepo ndimapanga chonchi: pa bodi imene ndikufuna kupulumutsa, tchipi chakufacho ndimachidula miyendo ndi pulayala kenako ndimazula mwendo umodziumodzi, pa bodi yamasipeya ndiye mosemphanitsa, bodiyo ipse bola tchipi chituluke chamoyo. Ndipo paliponse pamene mwachotsa ikanipo soketi, musawotchererenso tchipi pa bodi.

Njira yachiwiri ndi SixtyClone, bodi yatsopano yojambulidwa ndendende ngati yakale koma imabwera yopanda kanthu, mbee. Ma resistor, ma capacitor, masoketi, zonse mugule nokha muwotcherere nokha kamodzikamodzi. Ubwino wake palibe dzimbiri, palibe kanjira kothyoka kobisala, ndipo mukamaliza mumaidziwa C64 ngati kunyumba kwanu. Koma imadya masipeya ambiri kuposa njira zonse, chifukwa si matchipi akuluakulu okha, mufunanso ma ROM atatu a BASIC, KERNAL ndi zilembo, PLA, switch, madoko a DIN, polowetsa katiriji paja pali miyendo 44, zonsezo muzule pa bodi yakale kapena musake pa intaneti. Komanso onetsetsani kuti mwaitanitsa yofanana ndi nambala ya bodi yanu yamasipeya. Apa mpamene anthu amalira: bodi yaifupi ya 250469, imene imapezeka mu C64C zambiri (C64 yobwera pambuyo, ya kesi yatsopano), ili ndi SID ya 8580 yofuna 9V, pamene yakale 6581 imafuna 12V. Kuika 8580 pamalo a 6581 ndi kuipha basi, ndipo miyendo yake ndi yofanana 28 moti imalowa bwinobwino osakuchenjezani. VIC-II nayonso chimodzimodzi, 6569 ndi 8565 sizisinthana mwachisawawa. Ngati kuwotcherera kumakusangalatsani ngati mmene ena amakondera bawo, tengani iyi. Ngati mukungofuna kusewera magemu, mudzaisiya pakati ili m'katoni, shuwa.

Yachitatu ndi C64 Reloaded MK2 ya Individual Computers a ku Germany. Iyi kwa munthu wokhala ndi masipeya ndimaiona ngati yanzeru kwambiri. Bodi imabwera yomanga kale, inu mungoikapo CPU, VIC-II, SID ndi ma CIA awiri mu masoketi a ZIF, aja okhala ndi kakolowera koti mukatsitsa tchipi chimagwira osakankha ndi mphamvu. RAM ndi PLA, zinthu ziwiri zofa kwambiri zija, simuzifunanso, chinjerwa chija nachonso chatha ntchito chifukwa imayendera adaputala wamba ya 12V. Ndipo imazindikira yokha kuti mwaika tchipi cha mtundu uti nkupereka magetsi oyenera, nkhawa ya 6581 ndi 8580 ija yatha pompo, malo a SID aliponso awiri kwa okonda nyimbo. Imalowa mu kesi yakale, kiyibodi yomweyo. Choipa chake mtengo, komanso si nthawi zonse imapezeka, ndipo ngati matchipi a pa masipeya anu ndi owotcherera muyenerabe kuwazula ndithu, moto uja simuuthawa, kungoti ndi kamodzi.

Yachinayi, Ultimate 64 ya Gideon Zweijtzer, sindichedwapo. Ndi FPGA, kutanthauza kuti kompyuta yonse ili mu tchipi chimodzi chamakono chimene chimatsanzira matchipi akale aja, ili ndi HDMI, magemu mumaika pa fulashi ndipo imadzisandutsa disk drive ya 1541. Ndi makina abwino zedi, osanama. Koma pa masipeya anu itengapo kesi, kiyibodi ndi SID basi, enawo azingokhala mu kabati. Kwa munthu amene anangopeza kesi yopanda kanthu ndiye mwayi wake, kwa ine amene ndili ndi 6510 ndi VIC-II zamoyo zikanakhala ngati kugula ufa m'sitolo nkhokwe ili tho.

Mwa njira, amene muli ku Joni kapena kuno ku UK makina amene mungatole amakhala a PAL, mtundu wa zithunzi za TV wa kuno, VIC-II yake 6569 kapena 8565. Mukaona chotchipa pa eBay chochokera ku America dziwani kuti ndi NTSC, mtundu wa TV wa kumeneko, VIC-II yake ngati 6567, sichigwirizana ndi bodi ya PAL popanda kusinthanso crystal, kachipangizo kopereka liwiro la bodi, ndipo magemu ambiri a ku Ulaya kuno analembedwera PAL.

Ine ndinasankha yoyamba ija, chifukwa nditaunika bodi ya makina abwinowo ndi tochi sindinaone dzimbiri olo pang'ono, ndipo onse awiri anali 250407, mwayi wokhawokha. Bodi ikanakhala yowola ndikanalunjika ku Reloaded osayang'ana kumbuyo. Zofa zinapezeka ziwiri, PLA ndi RAM imodzi. PLA ya pa masipeya inagwira, ngakhale ndikudziwa kuti nayonso ndi nkhalamba, ndiye ndaitanitsa PLAnkton, PLA yopangidwa masiku ano, kuti idzalowe m'malo, pamenepa sindikakamira zoti chilichonse chikhale chakale. SID, VIC-II, CPU ndi ma CIA otsalawo ndawabaya pa siponji yakuda ija yoteteza static, ali m'chitini cha mabisiketi.

Usiku umene inadzuka ndinayatsa ndili chiimire, sikirini inati buluu, pamwamba 38911 BASIC BYTES FREE, pansi READY ndi kabokosi kakuphethira. Madamu anangosuzumira nkufunsa kuti masabata onsewa mumavutikira zimenezi eti. Ndinafuna kuwaonetsa polemba PRINT koma batani la R silikugwira, ndiye Loweruka likubwerali ndiphwasula kiyibodi, pali tizomangira tambirimbiri kumbuyo kwake ndi mawaya awiri a SHIFT LOCK ofunika kusungunula kaye.