Fulati ya zipinda ziwiri m'nyumba yakale ku Zomba: nyenyezi 4 mwa 5

Fulatiyi ili mu imodzi mwa nyumba za nthawi ya atsamunda, kumtunda kwa tauni, m'munsi mwa phiri la Zomba. Mwini wake anaigawa nyumbayi patatu, gawo lililonse zipinda ziwiri zogona, balaza, khitchini ndi bafa. Ndemangayi ndikuipereka nditaona mmene nyumbayi imakhalira madzinja awiri athunthu, chifukwa nyumba ya ku Zomba simungaidziwe m'chilimwe.

Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka 1994. N'chifukwa chake nyumba zamtunduwu zilipo zambiri: makoma okhuthala a njerwa zootcha, khonde lotakasuka, siling'i yakutali. Mu Okutobala, dzuwa lili phwee, mkatimu simufuna fani. Madzi a m'mipopi, ochokera ku damu la Mulunguzi paphiripo, ndi ozizira komanso okoma kumwa. Usiku kuli zii.

Chomwe chachotsa nyenyezi imodzi ndi chinyezi. Nyumbayi ili pamtsetse, ndiye madzi a mvula otsika kuphiri amadzaima kuseri kwa khoma lakumtunda. Khomalo limayamwa madziwo kuchokera pansi, chinyezi n'kukwera kufika cha m'chiuno. Penti imafufuma n'kumasendeka, ndipo nsapato, malamba ndi masuti a m'wadiropu zimachita chuku pofika Febuluwale. Kupaka penti ina pamwamba n'kutaya ndalama. Chimene chimathandiza ndi ngalande ya simenti kuseriko yoti izipatutsa madzi, komanso kuchotsa masamba m'magata mu Okutobala mvula isanayambe, pakuti gata likatsekeka madzi amasefukira pakhoma pomwepo. Mipando ndi bedi zitalikirane ndi khoma masentimita 10 kapena 15 kuti mpweya uzidutsa, ndipo kukacha kopanda mvula tsegulani mazenera a mbali zonse ziwiri. Mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, zovala zimatha masiku awiri pachingwe osauma.

Ngati n'kotheka, kaoneni nyumba mu Januwale kapena Febuluwale. Mukapita nthawi youma, nunkhizani mkati mwa makabati, yang'anani madontho abulauni pasiling'i, ndipo gogodani mafelemu a zitseko ndi mazenera. Likamveka ngati ng'oma, chiswe chadya kale mkati. Penti yatsopano imene yapakidwa kumunsi kwa khoma kokha ikhale chenjezo kwa inu.

Za magetsi, fulati iliyonse ili ndi mita yakeyake yogulira mayunitsi, ndipo ichi n'chabwino kwambiri. Musalole mita yogawana. Giza yake ndi ya 3 kW, kutanthauza kuti ola limodzi ikuwotcha madzi yadya mayunitsi atatu. Kuiyatsa ola limodzi m'mamawa n'kuizimitsa kumakwanira anthu awiri. Mawaya ndi akale: ketulo, ayironi ndi hotipuleti zikayaka pamodzi, swichi yaikulu imagwa. Mbaula kapena gasi zikhalepo podikira tsiku lozima magetsi.

Madzi ndiye ali pa mita imodzi nyumba yonse, bilu amagawana. Apa mpamene pamabuka mikangano, makamaka banja lina likakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi, lina awiri. Gwirizanani kugawa potengera mitu ya anthu, ndipo zilembedwe. Madziwo amabwera ndi mphamvu, motero mawasha a mipopi ndi valavu ya m'thanki ya chimbudzi sizichedwa kutha. Chimbudzi chodontha usiku wonse chimakweza bilu ya aliyense.

Lendi amafuna ya miyezi itatu pasadakhale, kuonjezera dipoziti. Ejenti naye amafuna yake, ena ngakhale yongokuonetsani nyumba. Musapereke lendi kwa ejenti musanakumane ndi landilodi maso ndi maso. Pa tsiku lolowa jambulani makoma, matailosi, maloko ndi manambala a pamita, landilodi asayine, apo ayi chinyezi chomwe munachipeza adzachidula pa dipoziti yanu. M'pangano mulembedwe kuti denga, magata, ngalande ndi kupopa sepitiki ndi udindo wa mwini nyumba. Landilodi wa pano amakonza akauzidwa, koma pang'onopang'ono.

Nthawi yosakira nyumba nayo ndi nkhani. Yunivesite ya Malawi, ija tinkaitcha Chanco, ikamatsegulira, malo a ku Chikanda ndi kufupi ndi sukuluyo amatha msanga ndipo eni nyumba safuna kunenerera. Sakani ophunzira ali patchuthi.

Tauniyi ndi yaing'ono, galimoto siyofunikira kwenikweni. Kutsikira kumsika, kubanki kapena kudepoti ndi ulendo wapansi, koma pobwerera ndi katundu pachitundapo pamafunika kabaza wa njinga yamoto. Msika waukulu uli ndi matemba ndi milamba ya ku Chilwa, mpunga, ndiwo zamasamba, ndi masitiroberi a kuphiri nyengo yake ikakwana. Wogwira ntchito ku Blantyre adziwe kuti ndi makilomita oposa 60 pa msewu wa M3, ndipo kuyenda tsiku ndi tsiku kumadya zonse zimene mwapulumutsa pa lendi.

Fulatiyi ikuyenera banja laling'ono kapena wogwira ntchito m'tauni momwemuno amene akufuna bata. Amene ali ndi mphumu kapena khanda asankhe gawo lakumunsi loomba dzuwa, osati loyang'ana kuphiri. Ndipo pochoka pakhomo tsekani zenera la kukhitchini, apusi amalowa kudzatenga nthochi.