Bolodi la pulojekita, pulojekita yolembeka kapena sikirini yogwira ndi chala: ya ana a pulaimale ndi iti?

Sukulu ikanena kuti igula bolodi lamakono lolumikiza ku kompyuta, aphunzitsi anzanga ambiri amayesa kuti ndi chinthu chimodzi. Mitundu yake ilipo itatu, ndipo kusiyana kwake kumaoneka bwino mwana wa zaka 6 akaima kutsogolo n'kutambasula chala kuti alembe.

Mtundu wakale ndi bolodi la pakhoma lowalitsidwa ndi pulojekita yolendewera kudenga. Kampani ya SMART Technologies ya ku Calgary, m'dziko la Canada, inatulutsa loyamba mu 1991, ndipo Promethean ya ku Blackburn ku England inadza ndi lake lotchedwa ActivBoard. SMART Board yakale ili ndi zikuto ziwiri zopyapyala zimene zimakhudzana munthu akadina, choncho chala, chigongono ngakhale kamtengo zimalemba. Koma imamva malo amodzi pa nthawi imodzi. Mwana akatsamira ndi dzanja lamanzere uku akulemba ndi lamanja, mzere umalumphira kwina, anzake n'kufa nazo nseko. ActivBoard yakale imamva cholembera chake chokha. Mwana amagoneka dzanja pabolodi mmene amachitira pakope, zomwe n'zabwino kwa wophunzira kumene kupinda zilembo a ndi g, kungoti cholemberacho chikasowa ndiye kuti phunziro lathera pomwepo.

Onse awiri matenda awo ndi amodzi. Mwana akaima pabolodi mthunzi wake umaphimba chomwe akufuna kugwira, akacheuka kuwala kumamuthobwa m'maso. Pulojekita ikagwedezeka pang'ono, chala chimagwira apa koma kadontho kamatulukira apo, ndiye muyambe kugunda timitanda ta pabolodi kamodzikamodzi kuti zigwirizanenso, ana akukuyang'anani. Babu lake limayamba kuzilala lisanapse, sefa imafuna kusasa fumbi, ndipo masana muyenera kutseka makatani. Ngati lilipo kale m'kalasi mwanu ndipo likugwira ntchito, pitirizani nalo. Koma kugula latsopano lero, ine ayi.

Wachiwiri ndi pulojekita yomwe imamva yokha cholembera, monga Epson BrightLink. Imamangidwa pakhoma pamwamba penipeni pa bolodi, ndiye mthunzi umangokhala wa dzanja basi. Chithunzi chake chimafika mainchesi 100, ndipo m'kalasi ya ana ambiri zimenezi si zocheza ayi: wa kumbuyo kwenikweni amawerenga osatsinzinira. Ubwino wina umene ogulitsa sautchula kawirikawiri ndi wakuti mukaiwalitsa pa bolodi loyera wamba, magetsi akathima kapena kompyuta ikakana, mumangotenga maka n'kupitiriza kulemba pomwepo. Zamakono za leza sizifuna kusintha babu. Opanga amati zimatha kuyaka maola 20,000. Chovuta n'chakuti kuwala kumatsika chopendekeka kwambiri, choncho bolodi likangopindika pang'ono, mizere yowongoka imakhota. Mitundu yambiri imafuna kachipangizo kena kowonjezera kuti izimva chala.

Wachitatu ndi sikirini yaikulu yonga wailesi ya kanema, ya mainchesi 65, 75 kapena 86, monga ActivPanel kapena SMART Board yamakono. Palibe mthunzi, palibe babu, palibe kugunda timitanda. Zambiri zimamva chala pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka kodutsa pagalasi kuchokera m'mphepete, ndipo zimalandira zala zambiri nthawi imodzi. Apa m'pamene imaposa zinazo m'makalasi oyambirira: ana atatu angaime limodzi, wina akukokera zipatso m'magulu a 10, wina akulemba nambala yake, wachitatu akufufuta zolakwika. Kuwala komweko n'kopusa pena: mkono wa juzi kapena ntchentche yotera pagalasi imasiya kadontho, ndipo fumbi likadzaza m'mphepete sikirini imayamba kudzilembera yokha. Ikayang'anizana ndi windo imanyezimira. Ya mainchesi 65 imachepa m'chipinda chachitali. Galasi likasweka mwataya zonse, pomwe pa mitundu inayo mumangosintha chimene chafa. Android, pulogalamu yoyendetsa sikiriniyo, imakalambanso msanga kuposa galasilo, ndiye sankhani yokhala ndi polowetsera laputopu.

Chimene chimaiwalika pa mitundu yonseyi ndi msinkhu. Amisiri amapachika poyerekeza ndi munthu wamkulu, mwana n'kumangofika pa theka lam'munsi, mabatani ali kumwamba. Sikirini ndi imene siivuta kuika pa chimango chokwera ndi kutsika. Popanda chimangocho, ine ndingasankhe pulojekita yotsitsidwa bwino kusiyana ndi sikirini yokongola imene ana saifikira.

Pali njira yotchipa imene Johnny Chung Lee anaonetsa mu 2007, yogwiritsa ntchito rimoti ya makina a masewera a pakanema otchedwa Nintendo Wii ndi cholembera chowala kunsonga. Imagwiradi ntchito, koma thupi la mwana likangotchinga rimotiyo, kulemba kumaduka. Ndi ya okonda kusewera ndi zipangizo.

Musanasaine, funsani za pulogalamu. Maphunziro okonzedwa mu SMART Notebook, pulogalamu ya SMART, ndi a mu ActivInspire ya Promethean amasungidwa m'mafayilo osiyana, ndipo powasamutsa zithunzi zimapita bwino koma timasewera timasokonekera. Mphunzitsi amene wakonza maphunziro ake zaka zambiri m'pulogalamu imodzi ali ndi chifukwa chomveka chokanira kusintha. Pulogalamu ina yotchedwa OpenBoard ndi yaulere ndipo siisankha bolodi, ngakhale ili ndi zokometsera zochepa.

Musayembekezere kuti mtundu uliwonse ukweza malikisi pawokha. Ofufuza a ku Newcastle University, motsogozedwa ndi Steve Higgins, anatsatira masukulu a pulaimale a ku England okhala ndi mabolodiwa ndipo mu 2005 anapeza kuti kusiyana pang'ono kwa chaka choyamba kunali kutazimiririka m'chaka chachiwiri, ngakhale aphunzitsi ndi ana ankawakonda. Ngati bolodi muzingoonetserapo zithunzi ndi makanema muli chiimire kutsogolo, pulojekita wamba ndi tabuleti zikukwanirani, ndipo ndi tabuleti mungayende nayo mpaka kwa mwana wa kumbuyo kuti alembe yankho ali pampando wake. Kwa ana a zaka 6 mpaka 8 m'kalasi yaing'ono, tengani sikirini ya mainchesi 75 yokhala ndi chimango chotsika. Kalasi ikakhala yaikulu, kapena ya ana okulirapo amene amawerenga ndime zazitali, tengani pulojekita ya leza ndi bolodi loyera lowongoka bwino.