Chipsera cha opaleshoni patatha miyezi khumi: zimene mafuta oteteza ku dzuwa anandichitira

Mafuta oteteza khungu ku dzuwa sachotsa chipsera, ndipo wogulitsa amene angakuuzeni kuti amachotsa akukunamizani. Komabe nditawadzola kwa miyezi pafupifupi khumi pa chipsera cha pa tsaya, ndikunena mosakayika kuti ndi amene ateteza malowo kuti asade bii, ndipo akatha ndidzagulanso ena. Ndakhala ndikupaka zinthu ziwiri: mafuta a SPF 50 (nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezo ku dzuwa) okhala ndi zinc oxide, ndi jelo ya silicone. Ntchito zake n'zosiyana, ngakhale ambiri amaganiza kuti ukagula chimodzi chinacho n'chosafunika.

Anandichotsa kachotupa pa tsaya lamanzere, chapafupi ndi khutu, ndipo atakayeza anapeza kuti sikanali khansa. Ulusi wa kumaso sukhalitsa, nthawi zambiri amauchotsa pakati pa masiku 5 ndi 7, pomwe wa pamsana kapena pamwendo umatha masabata awiri. Atauchotsa panatsala mzere wa masentimita pafupifupi atatu. Dokotala anandichenjeza tsiku lomwelo kuti kutsekeka kwa bala si kuchira kwake. Masiku oyambirira bala limatupa ndi kufiira. Kenako kwa masabata atatu kapena kupitirira thupi limathira kolajeni, puloteni yomanga khungu, mofulumira kuti mpatawo udzaze. Zikatero pamayamba ntchito yaitali yophwasula kolajeni wofooka uja n'kuluka wina wolimba, ndipo imeneyi imatenga miyezi 12 mpaka 18. Ngakhale ikatha, chipsera chimangofika pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu imene khungu linali nayo kale. Nthawi yonseyi malowo amakhala anthete, ndipo dzuwa limawavulaza msanga kuposa khungu lozungulira.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene ife akhungu lakuda timanamizidwa. Timamva kuti mafuta amenewa ndi a anthu oyera khungu, ife dzuwa silitiopsa. N'zoona kuti melanin, imene imapatsa khungu mtundu wakuda, imatiteteza kuti tisapse msanga. Koma maselo omwe amapanga melanin pa khungu lakuda sachedwa kudzidzimuka: pakakhala bala kapena kutupa amayamba kupanga wochuluka, ndipo dzuwa likawomba pamenepo amachulutsiratu. Mapeto ake chipsera chimada kuposa nkhope yonse, ndipo mdimawo umatenga miyezi, nthawi zina zaka, kuti uzimirire. Ndiye pa nkhani ya zipsera, khungu lakuda ndi limene likufunika kutetezedwa kwambiri. Zimandipweteka kuti odwala ambiri amatuluka m'chipinda cha opaleshoni atauzidwa za mapiritsi ndi tsiku lochotsa ulusi, koma za dzuwa osamva liwu n'limodzi lomwe.

Pa bala losatsekeka sapakapo mafuta a dzuwa. Masabata oyambirira ndinkangotsuka, kupaka vasilini pang'ono kuti pasaume n'kuchita nkhanambo, kuphimba ndi pulasitala, n'kuvala chipewa chotambalala. Khungu litalumikizana bwino, popanda madzi otuluka, m'pamene ndinayamba jelo ya silicone m'mawa ndi madzulo. Imafuna kupaka mopyapyala kwambiri, kudikira kuti iume, kenako mafuta a dzuwa pamwamba. Ukafulumira ziwirizi zimasakanikirana n'kuyamba kufufuta timibulu tonyansa. Silicone imasunga chinyezi pa chipsera, ndipo chinyezicho chimathandiza kuti thupi lisamange kolajeni wopyola muyezo. Kuti igwire ntchito iyenera kukhala pakhungu maola 12 kapena kuposa pa tsiku, kwa miyezi iwiri kapena itatu osadukiza. Palinso ya mapepala omata, koma kumaso, pamene pamayendayenda ukamalankhula ndi kutafuna, inkamatuka, ndiye ndinakhazikika pa jelo.

Mafuta oyamba amene ndinagula anali a zinc oxide ndi titanium dioxide opanda mtundu. Ubwino wake sanandiyabwe ngakhale pang'ono, ndipo salowa m'maso n'kumalasa monga amachitira ena ukatuluka thukuta. Vuto lake ndinkaoneka mbuu ngati ndadzola phulusa, ndipo chipsera chimene ndinkafuna kuti chisaonekere n'chimene chinkaonekera kwambiri. Ndinasintha n'kutenga okhala ndi mtundu wofanana ndi khungu, amene amathiramo iron oxide. Awa ndi amene ndingalimbikitse aliyense wa khungu loderapo, ndipo chifukwa chake si maonekedwe okha. Kuwala kumene timaona ndi maso, osati cheza chosaoneka cha UV chokha, nakonso kumadetsa khungu lakuda, ndipo iron oxide imatchinga kuwala kumeneku pomwe mafuta wamba amakulola kudutsa. Chokhumudwitsa n'chakuti makampani ambiri amapanga mitundu yochepa, ndipo wa khungu lakuda kwambiri amavutika kupeza womuyenera. Mafutawa amadetsanso kolala ya malaya oyera, ndipo madzulo amafuna kusamba ndi sopo mofatsa kuti achoke onse.

Za manambala olembedwa pa botolo musadzizunze nazo. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha UVB (chimene chimapsereza khungu), SPF 50 pafupifupi 98. Kusiyana n'kochepa. Chachikulu n'chakuti pakhale polembedwa kuti broad spectrum, kutanthauza kuti amatchinganso UVA, amene amalowa mozama m'khungu. China ndi kuchuluka kwa mafuta amene mwapaka. Manambala aja amawapeza poyesa ndi mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu, ndipo ambirife timapaka ochepera pamenepo, ndiye chitetezo chimatsika. Ukakhala panja uyenera kubwereza maola awiri alionse, komanso ukasambira kapena kupukuta thukuta. Kubwerezaku ndiko kunali kolemetsa pa zonse, makamaka masana pakati pa ntchito. Chinandithandiza n'kukhala ndi kachubu kakang'ono m'chikwama, osakasiya m'galimoto yotentha chifukwa kutentha kumawononga mafutawa.

Ndinkapaka ngakhale kunja kuli mitambo, pakuti UV amadutsa mitambo. Ndinkapakanso tsiku lokhala pafupi ndi zenera kapena loyenda ulendo wautali pa galimoto, chifukwa galasi wamba limatchinga UVB koma UVA wambiri amalowa ndithu. Dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana ndinkalithawa ndikatha kutero. Ndinenenso poyera kuti chipewa ndi mthunzi n'zodalirika kuposa mafuta alionse, popeza sizisungunuka ndi thukuta. Chipsera chikakhala pamalo ophimbika ndi chovala chothithikana, chovalacho chimachita ntchito yaikulu.

Nanga chipseracho chinayenda bwanji? Mwezi wachiwiri ndi wachitatu ndi umene chinaipa kwambiri. Chinatukuka pang'ono, chinalimba, chinkayabwa usiku, ndipo mtundu wake unali wofiira moderapo. Apa m'pamene anthu ambiri amataya mtima n'kusiya zonse poganiza kuti anawononga ndalama, chonsecho ndi mmene zipsera zambiri zimachitira pa nthawi imeneyi. Dokotala atandilola, ndinayamba kusisita malowo ndi chala mozungulira kwa mphindi zingapo tsiku lililonse. Chakumwezi wachisanu chinayamba kufewa ndi kutsika. Panali nthawi ina imene ntchito inandikhazika panja masiku otsatizana, ndipo ngakhale ndinkadzola, mzerewo unada moonekeratu, n'kutenga masabata angapo kuti ubwerere mwakale. Zimenezo zinandionetsa kuti chipsera cha miyezi isanu ndi umodzi chimakhala chisanakhwime, ngakhale pamwamba chikuoneka ngati chapola. Lero ndi chosalala, chofanana msinkhu ndi khungu lozungulira, choderapo pang'ono chabe, moti munthu amachiona akayandikira. Pafupi nacho pakadali kadzanzi, chifukwa timitsempha todulidwa timachira pang'onopang'ono.

Pali chimene mafuta a dzuwa sangaletse, ndicho keloid, chipsera chimene chimakula n'kupitirira malire a bala lenileni. Chimavuta kwambiri anthu akhungu lakuda, chimayenda m'mabanja, ndipo chimakonda pachifuwa, m'mapewa, kumtunda kwa msana ndi pa makutu oboola. Chimasiyana ndi chipsera chongotukuka, chimene chimakhala m'malire a bala ndipo nthawi zambiri chimaphwa chokha. Ngati kwanu alipo amene ali ndi keloid, muuzeni dokotala opaleshoni isanachitike. Chipsera chikayamba kufalikira m'mbali, kupweteka kapena kukula mwezi ndi mwezi, musadikire kuti jelo ichite zodabwitsa. Pali jakisoni wa triamcinolone amene amabaya m'chipseramo, ndipo amathandiza bwino akayambidwa msanga.

Anzanga okoma mtima anandibweretsera malangizo ambiri. Mafuta a vitamini E ndinawakana, chifukwa palibe umboni wabwino wakuti amakonza zipsera, ndipo ena amawatulutsa zidzolo. Mafuta oyeretsa khungu osadziwika bwino ndiwo oopsa zedi: ena amakhala ndi steroid yamphamvu imene imapyapyalitsa khungu, ena ali ndi mercury, ndipo pamapeto malowo amatha kuda kuposa poyamba. Wosuta fodya adziwe kuti fodya amachepetsa magazi ofika pa bala, ndiye kuchira kumachedwa.

Silicone ndasiya tsopano popeza chipsera chasalala. Mafuta a dzuwa ndipitiriza tsiku lililonse mpaka chipsera chikwanitse chaka ndi theka, ndipo ndimapaka nkhope yonse, osati mzere wokhawo, kuti khungu lifanane. Chaka chikakwana ndidzapitanso kukaonetsa, ndipo pamalopo pakatuluka kachotupa kena, pakayamba kuchucha magazi kapena pakasintha mtundu mwadzidzidzi, ndidzapita tsiku loikikalo lisanafike.